Kasimenti Koyera Pakati pa Khofi

Panali munthu wina ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, dzina lake Safeli Msukwa. Anandiuza nkhaniyi ndi mlamu wanga amene amagwira ntchito za nkhalango komweko, ndipo akuti inachitikadi.

Safeli anali mlimi wa khofi, koma ankadziwika ndi kuluma. Kumeneko alimi akayanika khofi pathandala, amaluma njere imodzi kuti adziwe ngati wauma. Mano a Safeli sankanama. Akati "wauma," anthu ankathira m'matumba osafunsanso wina.

Chaka china dzino lake lotafunira linabooka, n'kuwawa mpaka tsaya kutupa. Mkazi wake Esther, mayi a mwana wawo Trust, anamuperekeza ku Mzuzu kwa dokotala wa mano. Dokotalayo sanalizule. Anachotsa mtsempha wa m'kati, anatsuka mizu, n'kumata kasimenti koyera pamwamba.

"Bambo, aka n'kongoyembekezera," anatero dokotala. "Pakatha masabata awiri mubwerenso tidzamate kokhalitsa. Pakadali pano musalume cholimba ndi mbali iyi. Dzino lochotsedwa mtsempha silichedwa kusweka, ndipo silichenjeza."

Safeli anangogwedeza mutu. Wofunsa mafunso anali Esther, ndipo tsiku lobwerera analilemba kuseri kwa buku la kuchipatala.

Atafika kunyumba, Esther ankamuphikira phala ndi nthochi zofewa, kumukumbutsa mankhwala, kumufunditsira madzi a mchere ochukuchira m'kamwa. Patatha masiku anayi ululu unatheratu.

"Anyina Trust, ine ndachira," anatero Safeli. "Za ku Mzuzu zija tizisiye. Khofi ali pathandala uyu."

"Awiske Trust, bambo a mwana wanga, chachira n'chiyani? Ululu watha chifukwa mtsempha anachotsa. Bowo likadalipo."

"Nanga khofi aluma ndani?"

"Ine mano ndilibe? Ndiphunzitseni."

Anamuphunzitsadi: njere ikabonyoka ndiye kuti ikadali yaiwisi, ikathetheka ndiye yauma. Poyamba Esther ankaphonya, koma sabata isanathe anali atazolowera. Anansi akabwera ndi khofi wawo m'manja, woluma anali iye.

Tsiku lina Esther atapita kukatunga madzi, panafika mnansi wawo Welcome Kayange, munthu wokonda kuseka anzake.

"A Msukwa, mano anu anapuma pa ntchito? Ndamva kuti masiku ano amama ndiwo akukutafunirani!"

Safeli anachita manyazi. Anatola njere, ndipo mwa chizolowezi anaiika pa dzino lomwe lija. Khetche! Analavula msangamsanga pathandala pomwepo. Sanamve ululu uliwonse, koma lilime linamuuza kuti pali bowo. Anaganiza zongokhala chete.

M'mawa mwake Esther akusankha zinyalala pathandala, anatola kanthu koyera pakati pa khofi. Sikanali kamwala. Anakayang'anitsitsa, nakumbukira zimene anaona ku Mzuzu.

"Awiske Trust, tsegulani pakamwa."

"Iwe, ine ndine mwana?"

"Mwana akanamva. Tsegulani."

Bowo linali poyera, m'kati muli makoko a nyemba za dzulo.

Esther sanakalipe. Anatenga buku la kuchipatala, anasiya Trust kwa mchemwali wake, n'kulunjika kwa Welcome.

"A Kayange, nthabwala yanu yachotsa simenti m'kamwa mwa anzanu. Ife tikupita ku Mzuzu. Khofi wathu muzimutembenuza ndinu, mitambo ikachita mdima mumuphimbe."

Welcome anavula chipewa. "Yewo, amama. Pitani bwino."

Anakwera njinga yamoto kutsika mapiri mpaka pa Kapoka, kenaka minibasi. Njira yonse Safeli ankang'ung'udza kuti akuvutikira dzino losawawa.

Dokotala ataunika anapukusa mutu. "M'mphepete mwabenthuka, koma mwayi wanu muzu sunang'aluke. Zakudya zinayamba kale kulowa. Mukanakhala sabata ina, majeremusi akanatsikira kumizu, mwina tikanangozula. Anazindikira ndani?"

Safeli analoza mkazi wake. Esther anamasula mfundo ya pachitenje, n'kuonetsa kasimenti kaja.

Dokotala anaseka. "Mayi, pa ntchito yanga yonse palibe amene anandibwezerapo simenti yanga. Inu ndinu oyamba."

Anatsukanso dzinolo, ndipo pa ulendo wotsatira analimata kokhalitsa n'kuliveka kachipewa. Ulendo umenewo amene anakumbutsa tsiku anali Safeli mwini.

Mpaka lero dzino lija lilipo, ndipo amadyera chimanga chootcha. Koma khofi anasiya kuluma. Munthu akafika ndi njere m'manja, Safeli amangotembenukira kukhitchini n'kuitana kuti, "Anyina Trust, kwabwera anthu anu kuno!"

Phunziro: Kutha kwa ululu si kuchira. Akakuchotsani mtsempha wa dzino, musalume zolimba mpaka atamata kokhalitsa, ndipo tsiku limene akuuzani mubwerere, ngakhale kutalike bwanji. Chomata chikagwa musabise. Amene amatilondola ndi madzi a mchere ndi buku la kuchipatala tisamawaone ngati ovuta. Ine chimvereni nkhaniyi ndinakatsegula buku la mwana wanga kuona ngati pali tsiku limene ndinalumpha. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja amati "sikukuwawanso."