Ng'ombe za Alamu Sizikufa

"Alamu, mundiuze lero! Zanga zikufa, zanu zikunenepa, chikhalirecho zimadya msipu umodzi. Mwandichita chiyani?"

Mayi wamasiyeyo anaima mwaukali pakhomo pa khola lake. Kumbuyo kwake ng'ombe ina inali itauma gwa, nkhupakupa zidakali m'makutu. Mkaka wa ng'ombezi ndi umene unkaphunzitsa ana ake.

"Mlamu, gwirani pakamwa," anatero mkulu wake wa malemu mwamuna wake. "Ine ndingalodze chuma cha ana a mng'ono wanga?"

"Mfiti ilibe chizindikiro pamphumi! Musadzapondenso pakhomo panga!"

Mkangano uli mkati, panafika dokotala wa ziweto amene ankafufuza za matenda amene ankapha ng'ombewo. Ndi yemweyo amene anabaya ng'ombe za m'makola onse awiri mvula isanayambe.

"Nanunso adokotala, jekeseni wanu uja anali wa chiyani?"

Dokotala anayang'ana yakufayo, nasuzumira m'khola la alamu, nkhope yake n'kuwala.

"Mayi, ndiye kuti katemera wathu akugwira ntchito! Zonse zimene zinalandira zili moyo."

"Nanga zanga simunazibaye ndikuona?"

"Zanu tinazibaya madzi chabe. Pa kafukufuku pamafunika zina zoyerekezera. Tinafotokoza bwinobwino pamsonkhano paja."

"Tsiku la msonkhano wanulo ine ndinali kuika mwamuna wanga m'manda!"

Dokotala anazyolika. Mayiyo anacheuka kuti alankhule ndi alamu ake, koma iwo anali atapita kale kuseri kwa khola, akukumba dzenje lokwirira ng'ombe ya mayiyo yakufa ija.