Yankho la a Mlongoti

Mayi Mlongoti ankathira tiyi m'makapu uku akuluma mlomo kuti kuseka kusawapulumuke. Pakhonde panali azibambo a kalabu ya okonda mawailesi, atazungulira kompyuta ngati aona mwana wobadwa ndi mano.

"Onani apa!" ankatero amuna awo, chala chili pagalasi la kompyutayo. "Uyu ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja. Wandimva ineyo!"

Dzina la Mlongoti anawapatsa ndi anthu oyandikana nawo, chifukwa cha chitsulo chachitali chomwe anaimika pabwalo atangopuma pantchito. Waya ankachoka pamenepo, kudutsa pamwamba pa khitchini, kukazungulira mtengo wa mapeyala, n'kukathera m'kachipinda kakuseri komwe mayiwo ankasokeramo zovala. Makina osokerawo tsopano ankagona kunsi kwa bedi.

Ntchito ya bambowo inali kutumiza uthenga pa mafunde aatali, omwe wailesi wamba sigwira, ndi mphamvu yosakwana n'kuyatsa babu la tochi lomwe. Ati ukatswiri wake ndi womwewo. Wofuula aliyense amamveka, koma mwamuna weniweni ndi amene anong'one n'kumveka kutali. Kuti chilembo chimodzi chituluke, munthu ankatha kutsuka mbale zonse n'kupukuta. Miyezi inapita popanda wowayankha. Dziko lonse linali zii.

Mayiwo anatopa nazo. Anaganiza kuti mlenje akapha nyama amapachika uta. Choncho anapita kwa mlongo wawo, wokonza mawailesi kumsika, n'kumupempha kuti awayankhe alamu akewo monamizira munthu wakutali. Mlongoyo anaseka mpaka misozi. Anati n'zosavuta, amusiyire iyeyo. Sipanapite nthawi, m'mawa wina timizere toyera tosonyeza kuti wina wayankha tinaoneka pakompyuta, ndipo a Mlongoti anatulukira panja akukuwa, atangomanga thaulo m'chiuno.

Koma mankhwala aja anakulitsa matenda.

"Uku n'kuyamba chabe," anatero a Mlongoti kuuza alendowo, atatulutsa chifuwa. "Mwezi wamawa ndiimika chitsulo chachiwiri. Mtengo wa mapeyalawo ugwa. Zingwe zoyanikira zovala zichoka. Chipinda cha alendo ndichitenganso." Kenako analoza akazi awo ndi chibwano. "Enawa ankati ndapenga. Nanga munthu wa singano angadziwe chiyani za mafunde? Iwo amadziwa mafunde a m'beseni."

Azibambo aja anafa nacho chiseko, wina mpaka kutsamwa tiyi.

Mayi Mlongoti anaika ketulo pansi mwaulemu, n'kupukuta manja pansalu.

"Abambo," anatero mofatsa, "munthu wanu wa kutsidya kwa nyanjayo ali ndi shopu kumsika, pafupi ndi ogulitsa matayala. Ndi mlamu wanu. Ndinamutuma ndine."

Mkulu wa kalabu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngati adetsedwa mwadzidzidzi. Wina, amene chifikireni nsanje inkamudya, anabisa mano m'kapu. Mmodzimmodzi anakumbukira kuti kunyumba akudikiridwa. Atangotseka geti, phwete lawo linamveka mpaka kukhitchini.

A Mlongoti anafufuta timizere tija pakompyuta. Anakwera makwerero n'kudula waya kumtengo. Kamakina kotumizira uthenga, komwe anakalumikiza okha kachidutswa ndi kachidutswa maso akuwawa, anakaika pamwala n'kukaphwanya ndi nyundo. Dzuwa lisanapendeke, chitsulo chija chinali chitagona pabwalo ngati chidakwa.

Mayiwo anatulutsa makina awo kunsi kwa bedi, n'kuwabwezera m'kachipinda kaja. Ankawapukuta fumbi uku akuyimba chapansipansi. Akasuzumira pawindo ankaona amuna awo atakhala pachitsulo chakugwacho, manja ali m'masaya, ndipo mtima unkawalasa pang'ono. Koma ankadziuza kuti chilonda chimapola chikatsukidwa. Bodza analiyambitsa okha, analithetsanso okha. Panalibe amene anafa.

Geti linalira. Analowa mlongo wawo uja akukankha njinga, kabokosi kali m'khwapa, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana chitsulocho, anayang'ana alamu ake, n'kuwapatsa moni. Kenako anapita pawindo la kachipindako. Ankayesa akunong'ona, koma mawu ake anali a munthu wozolowera phokoso la mumsika.

"Achemwali, pepani, ntchito inandichulukira, zija munanditumazi sindinayambe n'komwe. Kamakina kake ndi aka, ndamaliza kukonza lero. Ndiye ndiwayankhe liti alamuwo?"