Ufa wakuda pathandala la usipa

Mlangizi wa zaulimi, a Kamwendo, anazula soya wachikasu n'kuphwanya kotupa ka pamuzu ndi chikhadabo. Mkati munali mbee.

"Muno mumayenera kufiira," anatero osayang'ana munthu. "Ufa wakuda tinapaka kumbewu uja unali ndi tizilombo tamoyo todyetsa soya. Pachinyezi ndi pamthunzi timanenepa, koma dzuwa likatiomba timafota n'kufa. Minda yonse ya kalabu yanu ili chonchi."

Amayi a ku Kande anayang'anana. Chaka chimenecho onse anasiya chinangwa n'kudzala soya, ndipo kunyumba kunalibe pogwira pena. NyaLongwe, msungi wa katundu wa kalabuyo, anayang'ana pansi.

"Ndiye kuti anatigulitsa wakufa kale, ada," anatero NyaManda, mnzake wapamtima wa NyaLongwe. "Ife kusamala tinasamala. Unabwera wonyowa, ukununkha ngati nkhungu. Akanakhala wina ukanaola, koma NyaLongwe anauyanika pathandala la usipa mpaka unauma gwaa!"

A Kamwendo anatembenuka pang'onopang'ono, muzu uja ukadali m'manja. Amayi onse anali akugwedeza mitu, kumuyamikira NyaLongwe.