Bala la Kuseri kwa Khutu

Wokonza tsitsi atakweza tsitsi la mkwatibwi kuti alimange mfundo pamwamba, manja ake anaima. Kuseri kwa khutu kunali bala laliwisi, pamene tsitsi linachita kuzulidwa.

"Wakuchita zimenezi ndani?"

"Ndi amene akundikwatirawa, anangopsa mtima dzana," anatero mkwatibwi, maso ali pansi. "Mungophimbapo, anti."

Wokonza tsitsiyo anaitana mayi ake a mtsikanayo, amene ankasita velo m'chipinda china, n'kuwaonetsa balalo.

"Tinaona kale," anayankha iwo. "Ikanipo duwa, galimoto yafika."

Wokonza tsitsi analavula mapini amene anali kukamwa, n'kutseka chikwama chake.

"Duwalo muike nokha, mayi, ndi manja amene munamulera nawo."