Kambale ka Nambala 14

Moni, owerenga okondedwa. Tiyamike Mwini moyo, amene watidzutsa lero manja akugwira, miyendo ikuyenda.

Dikoni anayang'ananso wotchi ya pakhoma. Panatsala mphindi khumi kuti atulutse timbale m'kabati yofunditsira, koma mpando unkamuwotcha. Anaimirira, napukuta tebulo loyera kale, nakhalanso. Nyimbo za kutchalitchi zimene ankang'ung'udza pogwira ntchito, zomwe zinamupatsa dzina loti Dikoni mu labu yawo yofufuzira matenda, lero zinkathera pakhosi.

Ntchito yake inali yolera maselo a mitsempha, tizigawo ting'onoting'ono tamoyo ta m'thupi, m'timbale. Ena anali ochokera kwa odwala matenda ofoola mitsempha yoyendetsa thupi, aja amayamba ndi chala kukana kugwira mpaka munthu kulephera kumeza. Ena anali a anthu athanzi, ongoyerekezera. Mlendo akafunsa, Dikoni ankafotokoza mokondwa kuti mpweya womwe timapumawu umasiya dzimbiri m'thupi monga pa khasu, koma Mlengi anaika alonda m'selo lililonse oti azichotsa dzimbirilo. Iye ankadonthezera mankhwala oyambitsa dzimbiri kuti aone ngati alondawo ali maso. Maselo a athanzi ankapirira. A odwala ambiri ankafota.

Mu labumo munalibe mayina a eni maselo. Kambale kalikonse kankadziwika ndi nambala, ndipo mayina ankakhala mu envelopu yomata, mu drowa ya mkulu wa kafukufuku, mpaka ntchito itatha.

Vuto linali kambale ka nambala 14. Kanalembedwa kuti n'ka munthu wathanzi, koma kanali katafota kawiri konse. Aliyense mu labumo ankadziwa tanthauzo lake: wina wasokoneza timbale kapena wachulutsa mankhwala. Ndipo amene ankagwira timbalewo anali Dikoni yekha.

Mkulu wa kafukufukuyo anali mayi amene onse ankawatcha Mayi Bwerezani, chifukwa ngakhale zotsatira zitatuluka bwino chotani, yankho lawo linali lomwelo. Iwo ndi amene anabweretsa okha maselo a nambala 14 miyezi yapitayo, pamene athanzi anaperewera mmodzi. Kale ankaseka ndi Dikoni, kumufunsa ngati maselowo ayamba kuyankha kolasi. Koma chifotereni kambaleko koyamba, zonse zinasintha. Moni wa dzanja anasiya. Kachubu kodonthezera sankakakhudzanso. Ankangomusonyeza botolo ndi chibwano, n'kuti, "Tsegulani." Kenako ankaima kumbuyo kwake, dzanja lamanja m'thumba la gauni, maso ali pa zala zake, osaphethira.

Dikoni sanali mwana. Anadziwa kuti munthu akayamba kukuyang'ana choncho, ndiye kuti akusonkhanitsa umboni. Kalata yosiyira ntchito inali kale m'thumba la malaya. Mkazi wake anali atamudandaulira m'mawawo: "Bambo a ana, zaka makumi awiri zithere pa kambale?" Iye anayankha kuti bola kutuluka yekha kusiyana n'kutulutsidwa.

Nthawi inakwana. Anatulutsa kambaleko ndi manja awiri ngati chikho cha Mgonero, nakaika pa makina okulitsira tinthu tating'ono. Anapemphera mwachidule, naika diso.

Timitsempha tija, tomwe dzana tinali titayalana bwinobwino, tinali titadukaduka ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete.

Anamva phazi likukhwekhwereza pang'ono kumbuyo kwake. Sanafunike kutembenuka.

"Mayi, kafotanso."

Mayi Bwerezani anasendera pafupi. "Mwina munasinthanitsa ndi ka wodwala?"

"Ayi, mayi. Ndinakapatula, ndinamatapo tepi yofiira."

"Nanga mankhwala? Dontho limodzi lowonjezera, Adikoni. Zimachitika. Ganizani bwino."

"Ndinayeza kawiri. Inu munali pomwepo."

"Botolo silinali lakale?"

"Ndinatsegula latsopano pamaso panu."

Apa Dikoni anadikira mawu aja a masiku onse oti "bwerezani", koma sanabwere. Anatulutsa kalata ija, naitambasulira kwa mayiwo.

"Sindikudziwa pamene ndikulakwitsa, mayi, koma ndaona kuti simukundikhulupiriranso. Pezani wina wa manja abwino. Ine Ambuye andiona."

Mayiwo sanailandire. Dzanja lawo silinatuluke n'komwe m'thumba. Dikoni anamva manyazi akumukwera mpaka m'makutu: ngakhale kalata yake yomaliza siinali yoyenera kuikhudza.

"Ikani patebulo," anatero. "Tsegulani drowa iyo, mutenge envelopu."

"Koma ntchito sinathe, mayi. Lamulo..."

"Lamulolo ndinalemba ndine. Ng'ambani."

Dikoni anang'amba. Anatsitsa chala pamndandanda: khumi ndi mmodzi, khumi ndi awiri, khumi ndi atatu. Chinaima pa 14. Dzina lake linali lomwelo lolembedwa pachitseko cha ofesi ya mkulu wa kafukufuku.

Mayiwo anagwira mkono wawo wamanja ndi dzanja lamanzere, nautulutsa m'thumba pang'onopang'ono, naugoneka pa kalata ija. Dzanjalo linali litawonda, zala zitapindikira m'kati.

"Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikuyang'ana manja anu, Adikoni, ndikupemphera kuti mulakwitse," anatero. "Simunalakwitsepo ndi kamodzi komwe."

Ambuye adalitse manja anu, owerenga, ndipo akupatseni mtima wosafulumira kuweruza dzanja la mnzanu limene lili m'thumba.