Zibwano za Gang'a

Padangokhala, m'chulu china cha kudambo, Gang'a, msilikali wa chiswe, wa mutu wofiira ndi zibwano zoopsa. Tsiku lina anawombana ndi Kachiswe, mlongo wake wosenza dothi.

"Choka apa, wamatope iwe. Chulu chino chaima chifukwa cha ine."

"Ngati ndi choncho, achimwene, tiyeni tikakhale kunja masiku atatu, aliyense azikadzidyetsa yekha," anatero Kachiswe.

Anakakhala pansi pa phesi louma la chimanga. Kachiswe anayamba kudya pomwepo. Gang'a analuma phesilo kamodzi, n'kulidula pakati. Analumanso, n'kulidulanso. Koma zibwano zodulira adani sizinkatha kutafuna, ndipo kukhosi sikunadutse kanthu. M'pamene anakumbukira kuti chibadwire, chakudya ankachita kumuika m'kamwa, ndipo sanafunsepo n'komwe dzina la womuikayo.

Tsiku lachitatu miyendo ya Gang'a inakana. Kachiswe anabwera ndi chakudya chotafunatafuna kale.

"Yasamulani, achimwene."

Gang'a anayasamula, mutu uli pansi.

Atabwerera kuchulu, anzawo anafunsa amene wapambana.

"Mvula inatisokoneza," anatero Kachiswe, n'kusenza dothi lake. Chonsecho kunja kunali ng'amba, ndipo aliyense ankadziwa.

Bodza lomubisira manyazilo linamuwawa Gang'a kuposa njala ija. Mpaka lero, mukaboola chulu, mudzamupeza ataima pakhomo, mutu wake uli kunja. Iye amati akudikirira adani, koma zoona zake n'zakuti akuthawa maso a mlongo wake.