Mfumu ya Nyani Yotsalira M'mbuyo

Padangokhala Nyani, amene anabwerako ku Joni ndi bolodi la tchesi komanso matama osaneneka. Tsiku lina anapeza Bilimankhwe mumtengo wake wa masuku.

"Achimwene, tsikani tisewere. Ndikakugonjetsani musamuke, mtengowu ukhale wanga."

Anasewera mpaka Nyani anatsala ndi mfumu ndi msilikali mmodzi, Bilimankhwe mfumu yokhayokha. Nyani malovu anadzaza m'kamwa, pakuti msilikali akafika kumapeto kwa bolodi amasanduka mfumukazi, yamphamvu kuposa onse. Anayamba kukankha msilikaliyo, mfumu yake ikukwawa pambuyo.

"Kodi mfumu yanuyi siitsogola kukalambula njira?" anafunsa Bilimankhwe.

"Itsogole ngati wantchito? Ku Joni bwana amakhala m'mbuyo, kumgodi kumatsika ena!"

Bilimankhwe anayendetsa mfumu yake monga ayendera mwini panthambi. Inkabwerera pang'onopang'ono kutsogolo kwa msilikaliyo, ndipo mfumu ya Nyani ikati idutse chambali, iyo inkaima nayo maso ndi maso. Msilikali anafika potsala sitepe imodzi, koma pamalo pofikirapo panakhala mfumu ya Bilimankhwe, phee! Nyani anasendeza mfumu yake kumbuyo kwa msilikali kuti asadyedwe.

"Sewerani msanga, inu a maso ozungulira!"

"Ndipite kuti, bwana? Kulikonse ndingaponde mundidya, koma pamene ndilipa palibe akundiopseza. Zikatero, lamulo likuti palibe wopambana."

Nyani anayang'ana bolodi, nakanda kumene sikunkayabwa.

"Tibwereze!"

"Mawa, bwana," anatero Bilimankhwe akukwera mtengo wake. "Lero ndatopa n'kuchita mantha."

Yathera pomwepa, anzanga.